Fury Anagwa ku Riyadh, Mkangano Unadzuka ku Ndirande

Lamulungu m'mawa, pa 29 Okutobala 2023, ndinapita kukametetsa m'kanyumba kena kamalata kuseri kwa msika wa Ndirande. Mpando wometera unalipo umodzi, koma m'katimo tinadzazamo anthu asanu ndi atatu, ndipo ofuna kumetedwa tinali awiri okha. Enawo chinawaitana ndi foni. Mnyamata wina wa kabaza anali ndi kavidiyo ka masekondi ochepa kamene anamutumizira pa WhatsApp, ndipo foni yosweka galasi pakonayo inkangoyenda dzanja ndi dzanja. M'kavidiyomo chimunthu chachitali cha ku England, Tyson Fury, chikudya chibakera cha kumanzere chapamutu n'kukhala pansi, kwinaku Francis Ngannou wa ku Cameroon akugwedeza thupi ngati akuvina.

"Watha ngati makatani ameneyu," anatero wa kabaza uja. Wometa anaimitsa makina pamutu panga. "Achimwene, amubera mwana wa mu Africa. Munthu wagwetsa mnzake, ndiye apambane n'kukhala wogwayo?" Bambo wina wachikulire amene anakhala pabenchi pafupi ndi khomo anadikira kuti phokoso litsike, kenako anafunsa mofatsa: "Kodi ana inu, maraundi onse khumi mwawaonera?" Munali zii. Mwa ife tonse, amene anachezera usiku mpaka nkhonyayo kutha anali mdalayo yekha.

Mkangano umenewu sunathere mmenemo. Ndaumva pa bawo ku Chilomoni, m'minibasi ya ku Bangwe, ngakhale pa siwa ku Zingwangwa usiku utatalika. Umatenga nthawi chifukwa anthu amakhala akukangana mafunso atatu nthawi imodzi osadziwa: kodi usiku umenewo anapambana ndani, kodi nkhonyayo ikutiuza chiyani za Fury, nanga mbiri ya ngwazi timaiyeza ndi muyezo wanji? Wina akamayankha loyamba, mnzake akukuwa za lachitatu, ndiye mpaka dzuwa kulowa osamvana.

Tiyambe ndi mapointi, pakuti apa ndi pamene ambiri timasochera. Nkhonya za m'ringi saziweruza ngati ndewu ya pa bala, imene wagwa fumbi ndiye wagonja. Majaji amakhala atatu, aliyense mbali yake ya ringi, ndipo raundi iliyonse amaiweruza payokha belu likangolira. Amene wachita bwino m'raundiyo amalandira 10, mnzakeyo 9. Wina akagwetsedwa, kawirikawiri raundiyo imakhala 10 kwa 8. Majaji amayang'ana zibakera zimene zafikadi pathupi osati zothera pa magolovesi, kuthamangitsa mnzako kumene kukubala zipatso, amene akulamulira kayendedwe ka nkhonyayo, ndiponso luso lozinda. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti raundi yozizira, imene anthu akungozungulirana wina n'kugogoda katatu ndi dzanja la kutsogolo, imalemera chimodzimodzi ndi raundi ya moto imene yadzutsa bala yonse. Kugwetsa mnzako kumakupatsa pointi imodzi yapamwamba, basi. Sikumakugulira nkhonya yonse, pokhapokha wogwayo atalephera kudzuka refa asanawerenge mpaka khumi.

Fury anagwa m'raundi yachitatu, ndipo anadzuka. Pomaliza jaji mmodzi analemba 95-94 kupatsa Ngannou, wina 95-94 kupatsa Fury, wachitatu 96-93 kupatsanso Fury. Tawerengani nokha pa thumba la simenti kapena kuseri kwa lisiti. Mukapatsa Fury maraundi 6, Ngannou 4, n'kuchotsera Fury pointi ya kugwa ija, mupeza 95-94 ya Fury. Mukangosuntha raundi imodzi kuti akhale asanu asanu, zikutembenuka, 95-94 ya Ngannou. Nkhani yonse inagona pa raundi imodzi yokha, ndipo maraundi okayikitsa m'nkhonya imeneyi analipo angapo, makamaka kumapeto kumene onse awiri anatopa n'kumasamala. Ine nditaionera yonse modekha, kawiri, ndinaona nkhonya yoti ikanatha kupita uku kapena uku. Kubera kumakhala pamene wina wapambana moonekeratu maraundi asanu ndi atatu koma dzanja n'kukwezedwa la mnzake. Izi sizimene zinachitika ku Riyadh.

Koma wometa uja sindingamunyoze, chifukwa ndikudziwa kumene mkwiyo wake unachokera. Ngannou anakulira mu umphawi m'mudzi wa Batié, ndipo ali mwana ankakumba mchenga kuti apeze ya sukulu. Anadutsa chipululu, n'kukhala ku Morocco akuyesayesa kuoloka nyanja, atafika ku Spain anatsekeredwa pafupifupi miyezi iwiri, kenako anagona m'misewu ya ku Paris. Mu Malichi 2021 anakhala ngwazi ya olemera kwambiri ya UFC, kumene anthu amamenyana, kugwirana ndi kugwetsana m'khola. Munthu wa ku Ndirande amene tsiku lililonse amaona amuna ndi amayi ali m'madzi mpaka m'maondo akuwola mchenga mumtsinje wa Nasolo kapena wa Mudi safuna womasulira kuti amvetse moyo umenewo. Ngannou atagwetsa ngwazi ya dziko lonse pa nkhonya yake yoyamba ya malamulo a ringi, aliyense anaona m'bale wake. Ndipo ifenso tili ndi chilonda chathu. Pa 30 Malichi 2013 Isaac Chilemba, mwana wobadwira mu Blantyre momwemuno, anamenyana ndi Tony Bellew ku Liverpool, kwawo kwa Bellew, ndipo majaji anati alepherana pamene ambiri amene anaonera anaona kuti Chilemba anachita zokwanira kuti apambane. Amene anawawidwa tsiku limenelo sachedwa kukhulupirira kuti Mwafirika akamenyera kunja amayenera kupha munthu kuti apatsidwe chake. Chilondacho n'chenicheni. Kungoti si nkhonya iliyonse yothinana imene ili umbava.

Funso lachiwiri ndi limene linamupweteka Fury, ndipo apa wa kabaza uja anali ndi mfundo. Ngakhale lamba wake wa WBC sanali pa mpikisano usiku umenewo, Fury ndiye anali ngwazi, munthu woti wakhala m'ringi kuyambira ali mwana, ndipo mnzakeyo anali mlendo pa masewerowa. Anabwera akulemera makilogalamu pafupifupi 126, thupi likuonetsa kuti sanakonzekere mokwanira, ndipo anaoneka wodabwa kuti Ngannou amadziwa kuima, kudikira ndi kubweza. Kupambana kotero n'kochititsa manyazi. Izo palibe wotsutsa. Chimene ndikukana ndi kulumpha kuchoka pa "usiku uno wachita manyazi" kukafika pa "anali wabodza kuyambira kale".

Wabodza sakanachita zimene Fury anachita pa 28 Novembala 2015 ku Düsseldorf, pamene analanda malamba kwa Wladimir Klitschko, munthu amene anali atalamulira gulu la olemera kwambiri kuyambira 2006. Pambuyo pake anasowa m'ringi zaka ziwiri ndi theka, atamira m'matenda a maganizo, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, zimene iye mwini wakhala akuzifotokoza poyera. Atabwerera anakumana ndi Deontay Wilder, wa dzanja lamanja loopedwa kwambiri m'badwo uno. Pa nkhonya yawo yoyamba mu Disembala 2018 ku Los Angeles, Fury anagwa chagada m'raundi ya 12, maso ali kumwamba, aliyense n'kuti zatha, koma anadzuka n'kumaliza akumenya, ndipo analepherana. Mu Febuluwale 2020 anamuthibula Wilder mpaka a kukona kwake kuponya thawulo m'raundi ya 7. Mu Okutobala 2021 anagwa kawiri m'raundi yachinayi, n'kudzukanso, n'kumukomola Wilder m'raundi ya 11. Amene amati kugwa kwa ku Riyadh kunaulula chinsinsi sanamutsatire munthuyu. Fury wakhala akugwa. Luso lake lalikulu linali kudzuka.

Komabe omutsutsa ali ndi zawo zolemera. Malamba amene analanda kwa Klitschko sanawateteze ngakhale kamodzi. Wa WBC anauteteza katatu: kwa Wilder, kwa Dillian Whyte, ndi kwa Derek Chisora, munthu wobadwira ku Zimbabwe amene Fury anali atamugonjetsa kale kawiri. Yerekezani ndi Joe Louis amene anateteza ungwazi wake maulendo 25. Kufika pamene analengeza zopuma mu Januwale 2025, Fury anali asanakwere ringi imodzi ndi Anthony Joshua, nkhonya imene dziko linaidikira zaka zambiri. Mukachotsa Klitschko ndi Wilder pa mndandanda wa amene anawagonjetsa, mayina otsalawo ndi a anthu olimba ndithu, koma si amene adzakumbukiridwe. Pakamwa pake Fury ankadziika pamwamba pa onse amene anakhalako. Mndandandawo sukuvomereza.

Tsono mu Malichi 2024 kunachitika chinthu chimene chinasokoneza mkangano m'mabala onse. Joshua, yemwe ambiri anali atamutaya kale chifukwa chogonja kwa Andy Ruiz mu 2019 ndi kwa Oleksandr Usyk kawiri, anakumana ndi Ngannou yemweyo ku Riyadh komweko, n'kumugwetsa katatu, n'kumukomola m'raundi yachiwiri. M'mawa mwake masamu anali ponseponse: Ngannou anagwetsa Fury, Joshua wakomola Ngannou, ndiye kuti Joshua akhoza kumupha Fury. Miyezi isanu ndi umodzi itadutsa, Daniel Dubois anamukomola Joshua ku Wembley m'raundi yachisanu, ndipo anthu omwewo anayambanso kuwerengera kwina.

Masamu amenewa sagwira ntchito m'nkhonya, ndipo akuluakulu amene anatsatira nkhonya ya ku Kinshasa pa wailesi akudziwa. Joe Frazier anagonjetsa Muhammad Ali mu 1971. George Foreman anamugwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri okha ku Kingston mu 1973. Powerengera, Ali sanayenera n'kukwera komwe ringi ndi Foreman. Koma atakumana ku Kinshasa pa 30 Okutobala 1974, Foreman ndiye anagona pansi m'raundi ya 8. Munthu aliyense ali ndi kamenyedwe kake, ndipo kamenyedwe kamene kamasautsa uyu kamakhala chakudya kwa wina. Fury amadalira kutsamira mnzake, kumulemetsa ndi thupi mpaka miyendo itope, koma Ngannou, wozolowera kugwirana ndi kugwetsana m'khola la UFC, sanasunthike. Joshua analibe nazo ntchito zogwirana, anangoima patali n'kuponya lamanja lolunjika. Kuonjezera apo, Joshua anali ndi maraundi khumi oti awaonere n'kuphunzira, pamene Fury analowa osadziwa chimene akukumana nacho.

Chitsanzo china chili pakhomo pathu pomwe. Mu Meyi 1997 Mmalawi Drake Thadzi, amene anaimira dziko lino ku Olimpiki ya 1984 ku Los Angeles, anagonjetsa James Toney pa mapointi ku America. Toney yemweyo mu 2003 anagonjetsa Evander Holyfield, ndipo Holyfield ndi uja anagonjetsa Mike Tyson mu 1996. Palibe wanzeru amene anganene kuti choncho Thadzi akanamumenya Tyson. Chimene tinganene, ndipo tiyenera kumachinena mokweza, n'chakuti mwana wa dziko lino anagonjetsa mmodzi mwa akatswiri aluso kwambiri a zaka za m'ma 1990, koma anyamata ambiri amene amaloweza mayina a onse omenyana ndi Wilder sanamvepo dzina lake.

Yankho lenileni pa Fury linabwera pa 18 Meyi 2024, pamene anakumana ndi Usyk wa ku Ukraine. Masiku ano malamba akuluakulu alipo anayi, a mabungwe a WBA, WBC, IBF ndi WBO, n'chifukwa chake nthawi imodzi pamatha kukhala anthu awiri kapena atatu aliyense akudzitcha ngwazi ya dziko lonse. Usiku umenewo malamba onse anayi anali pa tebulo limodzi, ndipo wopambana akanakhala ngwazi yosatsutsika yoyamba chichokereni Lennox Lewis amene anagwirizanitsa malamba mu 1999. Fury anabwera atakonzeka, atatsitsa thupi, komabe akuposa Usyk ndi makilogalamu oposa 17. Pakati pa nkhonyayo ankatsogola bwino, akumulasa Usyk ndi zibakera zochokera pansi. M'raundi ya 9 Usyk anamupeza ndi lamanzere, n'kumuthamangitsa ringi yonse miyendo ikugwedera, zingwe zokha n'zimene zinamugwira, ndipo refa anamuwerengera. Majaji awiri anapatsa Usyk, 115-112 ndi 114-113, mmodzi anapatsa Fury 114-113. Atabwerezana pa 21 Disembala chaka chomwecho, majaji onse atatu analemba 116-112 kupatsa Usyk. Fury anadandaula maulendo onse awiri kuti anapambana ndi iye. Ine ndikuona kuti majaji sanalakwe.

Pali chinthu chimene chimandidabwitsa pa kaonedwe kathu. Usiku umene Fury anakwezedwa dzanja, ndi Ngannou, ndi umene anamenya moipa kwambiri. Usiku umene anagonja koyamba, ndi Usyk, ndi umodzi mwa mausiku amene anamenya bwino. Amene amangoyang'ana chilembo cha kupambana kapena kugonja pa pepala sangazione zimenezi. Tazolowera kupembedza ziro, kuti wakuti sanagonjepo, ngati kuti kusagonja ndiye ukatswiri. Ziro ameneyu amasungika mosavuta ngati wokonza nkhonya akukusankhira anthu ofooka. Ali anagonja kasanu. Lewis anakomoledwa kawiri, ndipo kachiwiriko kanachitikira kufupi ndi kwathu, ku Carnival City ku Brakpan, m'dera limene Amalawi ambiri okhala ku Joni amalidziwa. Unali mwezi wa Epulo 2001. Lewis anafika mochedwa ku South Africa chifukwa anali ku Las Vegas akujambulitsa nawo filimu ya Ocean's Eleven, thupi lisanazolowere mpweya wopepuka wa kumtunda kwa Johannesburg, ndipo Hasim Rahman, amene anafika msanga, anamugoneka ndi chibakera chimodzi m'raundi yachisanu. Anthu anati watha. Mu Novembala chaka chomwecho Lewis anamukomola Rahman m'raundi yachinayi, monga anabwezeranso kwa Oliver McCall mu 1997, ndipo anapuma atagonjetsa munthu aliyense amene anakumanapo naye. Akuluakulu anati tsiku limodzi siliwoza mbewa. Chimene chinamukweza Lewis ndi zimene anachita atagwa, ndipo apa ndi pamene Fury akuperewera: anapatsidwa mwayi wobwezera kwa Usyk, n'kulephera momveka kuposa poyamba.

Ndiye mbiri ya ngwazi ine ndimaiyeza pofunsa kuti anakumana ndi ndani, anakumana nawo ali pachimake kapena atafwifwa, anathawa ndani, ndipo atagwa anatani. Pa muyezo umenewu Fury ndi wachiwiri m'badwo wake, kumbuyo kwa Usyk, amene anagonjetsa Joshua kawiri, Fury kawiri ndi Dubois kawiri, ali munthu wochokera m'gulu la opepukirapo. Fury si mnzake wa Ali, Louis kapena Lewis, monga ankafunira kuti tikhulupirire. Si makatani akutha ayi. Ndi munthu amene anathetsa ufumu wa Klitschko, n'kudzuka pa zibakera za Wilder zimene ena ambiri sanadzukepo.

Muyezo womwewu tiutembenuzire kwathu, pakuti ndi kumene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Malawi sanatulutsepo ngwazi ya dziko lonse ya olemera kwambiri, gulu la anthu oposa makilogalamu 90. Anthu athu odziwika amenyera m'magulu a m'munsi, monga Chilemba ndi Thadzi pa makilogalamu 79. Kangati ndamva anthu pa Chinseu kapena ku Machinjiri akuti Chilemba amangogonja zikafika pa nkhonya zazikulu? Taonani amene anamugonjetsa. Bellew, atamugonjetsa pa nkhonya yobwereza mu Meyi 2013, anadzakhala ngwazi ya WBC ndipo anagonjetsa David Haye kawiri. Eleider Álvarez, amene anamuposa pang'ono chabe mu 2015, anadzakhala ngwazi mu 2018. Oleksandr Gvozdyk, amene anamugonjetsanso, naye anadzakhala ngwazi. Mu Julayi 2016 Chilemba anapita ku Ekaterinburg, kwawo kwa anthu ku Russia, kukalimbana ndi Sergey Kovalev yemwe panthawiyo anali ndi malamba atatu ndipo ankakomola pafupifupi aliyense. Anagwa m'raundi ya 7, anadzuka, anamaliza maraundi onse 12. Mu Ogasiti 2018 anamalizanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol, amene mu 2022 anadzagonjetsa Canelo Álvarez. Mnyamata wochokera mu Blantyre, wopanda omukonzera nkhonya zofewa pakhomo pake, sanathawe aliyense mwa oopsa a gulu lake. Tikamuyeza ndi ziro tidzati analephera. Tikamuyeza ndi amene anakumana nawo, ndi mmodzi mwa anthu olimba mtima kwambiri amene masewero a dziko lino atulutsapo.

Ndipo si yekha. Mamendulo onse atatu amene Malawi anapata ku Commonwealth Games m'zaka za m'ma 1900 anachokera m'nkhonya: Tatu Chionga mu 1970, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986, onse ku Edinburgh. Mu Juni 2018 Anisha Basheel anapita ku London n'kutenga lamba wa Commonwealth m'raundi yoyamba yomwe. Mayina amenewa samveka kawirikawiri m'malo ometera.

Ku Bangwe kuli malo amene ndimadutsa madzulo, pamene anyamata anapachika thumba la mchenga ndi utuchi pa nthambi ya mango, ndipo amasinthana magolovesi awiri okha ong'ambika, wina akavula thukuta lisanaume mnzake n'kuvala. Iwo amamva zimene ife akuluakulu timalankhula. Akamamva kuti munthu akagonja kamodzi ndiye watha, adzaphunzira kuthawa anzawo olimba n'kumasaka ofooka, kapena adzasiya tsiku limene adzagwe koyamba. Inu achimwene amene mumakonda masewerowa, nkhonya ina yaikulu ikadzachitika, musadzathamangire kugamula ndi kavidiyo ka masekondi makumi awiri. Muonere maraundi onse, pensulo ili m'manja, mulembe 10 ndi 9 zanu. Ndipo anyamata a pamtengo wa mango aja akadzakufunsani za Fury ndi Usyk, muwauzenso za Thadzi ndi Chilemba.